Lamulo limeneli ndi la ndani? Mmene malamulo amagawidwira m'boma la feduro

Nyanja itatsekedwa chaka chatha, ndinapezeka pa doko lina ku Malombe pamene a komiti ya padoko ankatsitsa ukonde wa munthu m'bwato. Unali nkacha, koma kumatako kwake mwiniwake anasokererako neti ya udzudzu, ija amalandira amayi kusikelo. Pansi pa bwatolo panali kasawala wosadzaza ndi beseni lomwe, tiana ta chambo totalika ngati chala. Mkuluyo sanakane kuti wagwidwa. Anangovula chipewa, n'kupukuta nacho thukuta, kenaka n'kufunsa wapampando: "Achimwene, ndiuzeni chabe. Lamulo limeneli ndi la ndani? La afumu, la khonsolo, kapena la ku Lilongwe?" Wapampandoyo anayankha kuti, "Bambo, lamulo ndi lamulo basi."

Anthu anaseka, ine ndinaseka nawo. Koma funso la msodziyo ndi lomwe maloya a ku America kapena ku Nigeria amadyerapo ndalama tsiku ndi tsiku, ndipo ndi lomwe sitilifunsa tikamakangana za feduro m'maminibasi a ku Namwera.

Kwathu kuno yankho lake ndi lalifupi. Komiti ya padoko imagwira ntchito ndi mphamvu zochokera m'lamulo la zausodzi la 1997, lomwe linapangidwa ndi Nyumba ya Malamulo. Lamulolo linapatsa nduna mphamvu yolemba timalamulo tofotokoza kukula kwa maso a ukonde ndi miyezi yotseka nyanja. Khonsolo nayo imapanga malamulo akeake chifukwa lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 linailola kutero. Pamwamba pa zonsezi pali malamulo aakulu oyendetsera dziko a 1994, omwe gawo 5 limanena kuti lamulo lililonse lotsutsana nawo ndi lopanda ntchito. Ndi makwerero amodzi: uyambire pa doko, uyambire pamsika, ukamakwera ukathera pamalo amodzi.

Mphamvu za khonsolo ndi zobwereka, ndipo nkhwangwa yobwereka sikhalira kuguluka. Amene akukayika akumbukire kuti makhansala omwe tinasankha mu 2000 nthawi yawo itatha mu 2005, dziko linakhala lopanda makhansala mpaka chisankho cha 2014. Zaka 9 zathunthu, ndipo boma linkayenda, misonkho yapamsika inkatoleredwa.

M'boma la feduro zotere sizingachitike, ndipo kusiyana konse kwagona pamenepa. Pa nthaka imodzi pamakhala maboma awiri, la dziko lonse ndi la chigawo, ndipo onse awiri amatunga mphamvu mwachindunji kuchokera m'malamulo aakulu. Chigawo sichipempha ku likulu. Akuluakulu amati atambala awiri salira m'khola limodzi, koma feduro ndi luso loti alire onse, aliyense pa mtanda wake. Agogo athu akamva mawuwa amakumbukira chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chomwe chinayamba mu 1953 n'kugwa kumapeto kwa 1963. Nachonso chinali feduro, kungoti chinakakamizidwa pa anthu osachifuna ndipo mafuta ake ankathera ku Salisbury, Harare wa lero. Nkhaniyi itabukanso chisankho cha 2014 chitatha, makamaka kuchokera kumpoto, anthu ankakamba za misewu, masukulu ndi kagawidwe ka ndalama. Za malamulo zinkamveka mwa apo ndi apo.

Dziko la America ndi losavuta kuonerapo chifukwa lakhala ndi dongosololi nthawi yaitali. Malamulo ake aakulu analembedwa ku Philadelphia mu 1787, anayamba kugwira ntchito mu 1789, ndipo asinthidwa ka 27 kokha. Iwo amatchula ntchito za boma lalikulu imodziimodzi: ndalama, nkhondo, positi, malonda odutsa malire a zigawo, maubale ndi mayiko akunja ndi zina zochepa. Kusintha kwa nambala 10, kwa 1791, kunatseka nkhani: chilichonse chomwe sichinaperekedwe ku boma lalikulu chatsalira zigawo kapena anthu eniake. Zigawo zilipo 50, ndipo chilichonse chili ndi malamulo ake aakulu, nyumba yake ya malamulo, gavanala wake ndi khothi lake lalikulu. Maukwati, malo, chuma chamasiye, malaisensi oyendetsera galimoto, kuba, kupha, zambiri mwa izi ndi za chigawo. N'chifukwa chake Texas imanyongabe anthu pamene Michigan inasiya kunyonga opha anzawo m'ma 1840, ndipo onsewo ndi a mbendera imodzi.

Nanga awiriwa akawombana? Gawo 6 la malamulo aakuluwo likuti lamulo la boma lalikulu ndilo limapambana. Ajeremani anailemba mfundo yomweyi m'mawu atatu okha m'gawo 31 la malamulo awo a 1949: lamulo la dziko limathyola lamulo la chigawo. Koma anthu ambiri amaimira pomwepa n'kumaganiza kuti boma lalikulu ndi bwana pa chilichonse, pamene ayi. Limapambana m'munda mwake mokha. Likalumpha malire, khothi limalibweza.

Chamba chimaonetsa bwino mmene zimasokonekera. Mu 2012 anthu a m'zigawo za Colorado ndi Washington anavota kuti munthu wamkulu azisuta chamba mwaufulu. Lamulo la boma lalikulu la 1970 silinasinthe, likuletsabe. Munthu angathe kutsegula sitolo ya chamba ku Denver, mzinda wa ku Colorado, n'kudula laisensi, n'kumalipira msonkho ku chigawo, koma pamaso pa Washington, D.C. ndi wophwanya malamulo. Chomwe chimamuteteza n'chakuti makhothi anagamula kuti boma lalikulu silingatume apolisi a chigawo kukagwira ntchito yake. Likafuna kumanga munthu litumize apolisi akeake, ndipo lilibe okwanira kulondera sitolo iliyonse. Mabanki ambiri, poopa boma lalikulu, amakana ndalama za malondawa, choncho ogulitsa ena amasunga makobidi m'masefa ngati mmene amachitira ogula nsomba pa doko. Kuno kwathu lamulo la chamba la 2020 litadutsa, linadutsa kamodzi, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje: cha mankhwala ndi cha m'mafakitale inde, chosuta ayi.

Malamulo opangidwa ndi aphungu sindichedwapo, tonse timawadziwa. Ku America bilu imadutsa m'nyumba ziwiri, ya aphungu 435 ndi ya masenata 100, awiri kuchokera m'chigawo chilichonse, kenaka pulezidenti n'kusaina. Pafupifupi chigawo chilichonse chimachitanso chimodzimodzi ndi gavanala wake. Mapangano ndi mayiko ena nawo ndi lamulo akavomerezedwa ndi magawo awiri mwa atatu a masenata, ndipo chigawo sichiloledwa kusaina pangano lotere pachokha. Palinso zolamula za pulezidenti, zomwe timazimva kwambiri pa wailesi, koma n'zofooka kuposa mmene zimamvekera, chifukwa wolowa m'malo angathe kuzifafaniza tsiku loyamba ndi cholembera chimodzi.

Malamulo omwe amakhudza munthu pakhungu ndi ena: aja olembedwa ndi maofesi a boma. Phungu sadziwa kuti diso la ukonde likhale mainchesi angati. Amapereka mphamvu kwa akatswiri, akatswiriwo n'kulemba, n'kusindikiza mu gazeti, basi lakhala lamulo. Kuletsa majumbo opyapyala kwa 2015 kunabwera motero, ndipo neti ya udzudzu ya mkulu wa ku Malombe uja inagwidwa motero. Ku America timalamulo totere ndi tambirimbiri kuposa malamulo a aphungu, ndipo timasindikizidwa tsiku lililonse lantchito m'buku lotchedwa Federal Register kuyambira 1936.

Vuto lake n'lakuti wobwerekedwa mphamvu amakonda kuwonjezerapo zake, ndipo mlandu waukulu wa posachedwapa pankhaniyi unali wa asodzi. Kunyanja yamchere ya ku America, madzi a pafupi ndi gombe, pafupifupi makilomita 5 ndi theka m'zigawo zambiri, ndi a chigawo. Kupitirira apo mpaka makilomita 370 ndi a boma lalikulu, pansi pa lamulo la zausodzi la 1976. Lamulolo limalola boma kukweza woyang'anira m'boti kuti aziwerenga nsomba zogwidwa. Ofesi ya zausodzi inalemba kalamulo koti asodzi a herring, nsomba yonga usipa koma yokulirapo, azilipira okha woyang'anirayo, pafupifupi madola 700 patsiku. Tangoganizani mwini chilimira ku Makanjira auzidwe kuti azinyamula mlangizi usiku uliwonse, n'kumamulipiranso asanagawe za alovi. Asodzi a ku New Jersey anasuma, akuti aphungu sananenepo zoti iwo azilipira. Kuyambira 1984, pa mlandu wotchedwa Chevron, makhothi ankatsatira mfundo yoti lamulo likakhala losamveka bwino, kumasulira kwa ofesi ya boma kulemekezedwe bola kukhale kwanzeru. Mu June 2024, pa mlandu wa asodziwo, wotchedwa Loper Bright, khothi lapamwamba la America linataya mfundo imeneyi ndipo linati kumasulira lamulo ndi ntchito ya jaji. Za madola 700 zija silinagamule n'komwe, linazibweza ku makhothi apansi. Ine ndimawamvera chisoni asodziwo, koma sindikhulupirira kuti jaji amadziwa nsomba kuposa katswiri wa nsomba.

Apa tafika pa gwero lomwe anthu ambiri saliwerengera, zigamulo za makhothi. America, Nigeria, India ndi ife tomwe tinatengera mwambo wa ku England woti chigamulo cha khothi lapamwamba chimamanga makhothi apansi pa milandu yofanana. Kuno unalowa ndi chilamulo cha atsamunda cha 1902, chomwe chinabweretsa malamulo ogwira ntchito ku England pa 11 August chaka chimenecho, nthawi imene Mangochi ankatchedwa Fort Johnston. Mpaka lero loya angathe kuimirira pamaso pa majisitireti pa boma pano n'kutchula mlandu wogamulidwa ku London agogo ake asanabadwe. Ndipo taziona ndi maso kuti jaji amasintha moyo wa anthu popanda phungu kukweza mkono. Mu 2017 khothi lalikulu linafafaniza ndime ina ya lamulo la vakabu pa mlandu wa Gwanda, wogulitsa majumbo amene anamangidwa mbandakucha akupita kumsika ku Limbe. Mu 2020 makhothi anamasulira mawu oti "ambiri" kuti ndi kuposa theka la mavoti onse, kusiyana ndi mmene anawamasulira pa mlandu wa chisankho cha 1999. Mawu a m'buku sanasinthe ngakhale chilembo chimodzi.

Ku America mphamvu ya khothi yofafaniza lamulo la aphungu inakhazikika mu 1803 pa mlandu wa Marbury ndi Madison. Chachilendo kwa ife n'chakuti makhothi alipo a mitundu iwiri, oyenda moyandikana ngati msewu ndi njanji. A boma lalikulu alipo 94 oyambira milandu, 13 a apilo, ndi limodzi lapamwamba la majaji 9. Koma milandu yoposa 9 mwa 10 iliyonse imayambira ndi kuthera m'makhothi a zigawo, ndipo pa tanthauzo la lamulo la chigawo, mawu omaliza ndi a khothi lalikulu la chigawocho. Majaji 9 aja sangalikonze pokhapokha nkhaniyo itakhudza malamulo a dziko lonse.

Usiku wina mu 1934 bambo wina wotchedwa Harry Tompkins ankayenda m'kanjira ka m'mbali mwa njanji ku Pennsylvania. Sitima ikudutsa, chinthu chotulukira m'bogi, mwina chitseko chosatseka, chinamumenya, anagwa, dzanja lamanja n'kupita. Malinga ndi zigamulo za ku Pennsylvania, kampani ya njanjiyo inkati iye anali wolowerera pamalo a eni ndipo sayenera chipepeso. Maloya ake, pochenjera, anakasuma ku khothi la boma lalikulu ku New York, komwe majaji ankatsatira mfundo zawozawo zofewerapo, ndipo anapambana madola 30,000. Mu 1938 khothi lapamwamba linagwetsa chigamulocho. Linati khothi la boma lalikulu likamazenga nkhani ya chigawo liyenera kugwiritsa ntchito lamulo la chigawocho, lisapeke lake. Bamboyo anatsala wopanda dzanja, wopandanso ndalama, koma dzina lake ophunzira malamulo ku America amaliloweza m'chaka choyamba. Chomwe khothi linkatseka ndi chizolowezi chosankha bwalo ngati mmene mayi amasankhira benchi ya chambo chotsika mtengo.

Za mitundu ya malamulo, kugawa kwake n'komwe timakudziwa kale. Pali milandu yaupandu, yomwe boma ndilo limaimba munthu mlandu, umboni uyenera kusasiya chikaiko, ndipo mathero ake ndi ndende kapena chindapusa. Pali milandu ya pakati pa anthu, ya ngongole, malire a munda, ukwati kapena ngozi, yomwe wodandaula amasuma yekha ndipo amafuna chipepeso. Pali malamulo onena chomwe uli nacho ufulu, ndi ena onena njira yochipezera, monga masiku ochitira apilo, ndipo anthu ambiri amaluza pa achiwiriwa ali ndi mlandu wabwinobwino. Feduro imangochulukitsa zonsezi kawiri. Wapolisi Derek Chauvin, amene anapha George Floyd ku Minneapolis mu May 2020, anagamulidwa zaka 22 ndi theka ndi khothi la chigawo cha Minnesota pa mlandu wakupha, kenaka zaka 21 ndi khothi la boma lalikulu pa mlandu wophwanya ufulu wa munthu. Imfa imodzi, milandu iwiri, ndipo malamulo awo saitenga ngati kuzenga munthu kawiri chifukwa maboma olakwiridwa ndi awiri. Pulezidenti wa America angathe kumukhululukira wachiwiri wokhawo, woyambawo alibe nawo mphamvu. Ife tinazolowera kuti pa 6 July pulezidenti akakhululuka, chipata cha ndende chatseguka.

Musaganize kuti feduro iliyonse imagawa chonchi. Ku Canada ndi ku Germany buku la milandu yaupandu ndi limodzi dziko lonse. Ku India malamulo aakulu ali ndi mindandanda itatu: za boma lalikulu, za zigawo, ndi zogawana. Ku Nigeria, komwe kuli zigawo 36, malamulo a 1999 anaika polisi m'manja mwa boma lalikulu, usodzi wa kunyanja yamchere chimodzimodzi, koma wa m'mitsinje ndi m'nyanja zam'kati anausiya kunja kwa mndandandawo. Anyamata athu a ku Joni akudziwa kuti Gauteng ndi KwaZulu-Natal ali ndi nyumba zawo za malamulo, ngakhale eniake a South Africa safulumira kudzitcha feduro. Palibe chikombole chimodzi. Dziko lililonse linakhala pansi n'kukangana mzere ndi mzere.

Nigeria ndiyo ikutikhudza kwambiri ife a ku Mangochi, komwe mzikiti ndi tchalitchi zimayang'anizana. Malamulo awo aakulu amavomereza makhothi a Sharia ndi makhothi a miyambo pa nkhani za maukwati ndi chuma chamasiye. Kumapeto kwa 1999 chigawo cha Zamfara chinapita patsogolo, n'kulowetsa Sharia m'milandu yaupandu, ndipo zigawo zina za kumpoto zinatsatira mpaka kukwana 12. Ena anati uku n'kuphwanya gawo 10, lomwe limaletsa boma kusankha chipembedzo. Ena anati chigawo chikungolima m'munda mwake. Ku Kaduna mkanganowu unaphetsa anthu ambiri mu 2000. Kuno tinadzera njira ina: lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ukwati womangidwa ndi shehe, wa kutchalitchi, wa kwa ankhoswe ndi wa kwa DC, koma msinkhu wa zaka 18 ndi umodzi kwa onse, ndipo mu 2017 unalowa m'malamulo aakulu. Malamulo a makolo gawo 200 limawasunga, bola asatsutsane ndi malamulo aakuluwo. Tikanakhala m'feduro yonga ya America, msinkhu umenewu ukanakhala nkhani ya chigawo, ndipo kumeneko zigawo zambiri zimalolabe ukwati wa mwana wosakwana zaka 18 pa zifukwa zina. Mafumu omwe akhala akuthetsa maukwati a ana akanayamba afunsa kuti mwanayo wakwatiwira tsidya liti la malire.

Sindikunena kuti feduro ndi yoipa. Munthu wa ku Katuli amene fayilo yake yagona ku Capital Hill miyezi isanu ndi umodzi ali ndi chifukwa chofunira boma lapafupi. Koma aliyense wobwera ndi nkhaniyi pa msonkhano ndimafuna andionetse mndandanda, ndipo ayambire pa madzi. Nyanja yathu imagunda Karonga, Nkhata Bay, Nkhotakota, Salima ndi Mangochi. Chigawo china chikatseka nyanja mu November china n'kusatseka, maboti onse adzagona tsidya lotsegulalo, ndipo chambo sichidziwa kuti malire ali pati. Mu 2024 madzi atakwera n'kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'mbali mwa nyanja kuno, anthu ankafuula kuti zitseko za pa baraji ya ku Liwonde zitsegulidwe, pamene a ku Chikwawa ndi ku Nsanje ankaopa madzi omwewo, ndipo magetsi a ku Nkula amadaliranso Shire yemweyo. Panopa wogamula ndi mmodzi, timutukwane kapena timuyamike. Kukanakhala chigawo cha kummawa ndi chigawo cha kummwera, aliyense ndi gavanala wake ndi maloya ake, nkhaniyi ikanapita kukhothi.

Ku America zigawo 7 zinagawana madzi a mtsinje wa Colorado ndi pangano la 1922. Arizona inakana kulivomereza mpaka 1944, ndipo mu 1934 gavanala wake anatumiza asilikali a chigawo kumtsinjeko kukaletsa damu lopatutsira madzi ku California. Mu 1952 Arizona inasumira California ku khothi lapamwamba, lomwe ndilo lokha limazenga milandu ya chigawo ndi chigawo chinzake. Chigamulo chinatuluka mu 1963.